Chaka Chimene Ndinaphunzitsa Apongozi Anga

Apongozi anga analowa m'kalasi mwanga Lolemba lina masana atavala yunifolomu, ndipo ine ndinagwetsa choko.

Ndiyambe ndafotokoza kuti anali apongozi ati, poti mkamwini amakhala ndi apongozi ambiri kuposa mbuzi zake. Awa sanali amayi ake enieni a mkazi wanga ayi. Anali mng'ono wawo, chitsirizira m'banja lawo, amene mkazi wanga ankawatchula kuti amayi aang'ono. Koma kwathu kuno kulibe apongozi a theka. Mng'ono wa apongozi ndi apongozi basi, ndipo onse ndinkawaopa mofanana. Ndinali nditangokwatira kumene m'mudzi wina kufupi ndi Mbombwe, ndikukhala pachikamwini, ndipo malamulo ake ndinali nditawagwira. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka n'kulowa m'munda mwa eni ake. Moni tinkapatsana titatalikirana, iwo atagwada kuyang'ana kuphiri, ine nditanjuta kuyang'ana nsapato zanga. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo ndikumva ndi makutu anga: "Uwauze kuti khola la nkhuku likudontha." Mkazi wanga n'kutembenuka kundibwerezera ngati ndine gonthi. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkawazindikira ndi kayendedwe ndi mpango wawo wobiriwira.

Sukulu yathu inali sekondale dzina lokha. Zinali zaka zija pulayimale itangokhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndiye ife tinkabwereka zipinda ziwiri masana anawo akaweruka. Tinkapeza pansi pali makoko a nzimbe, bolodi litadzaza a e i o u. Aphunzitsi tinalipo atatu. Ahedi ankaphunzitsa masamu ndi sayansi. Mnzanga wa Chingerezi ankachokera ku Magomero pa njinga imene inkadwala kawirikawiri kuposa mwini wake. Zotsala zonse zinali zanga: mbiri yakale, jogalafe, ulimi, bayoloje ndi Chichewa. Njinga ya ku Magomero ikagona, Chingerezinso chinkagwera ine.

Ophunzira athu anali amitundumitundu. Ena anali ana enieni, ena ndevu zitamera kale, ena amayi obwerera kusukulu atasiyitsa mwana kuyamwa. Choncho kuona mayi wamkulu pa benchi sizinadabwitse wina aliyense, kupatula ine. Mkazi wanga anali atandiuzapo kuti amayi aang'ono akuganiza zobwerera kusukulu, koma ndinkayesa ndi nkhani zongocheza posenda chinangwa.

Chimene chinawabweretsa ndi ichi. Anasiya sukulu kalekale atamaliza Fomu 1, bambo awo atamwalira. Anakwatiwa, anabereka, mwamuna anapita ku Joni osabwerako. Kwa zaka zambiri ankathandiza kusikelo ya ana mbali ya ku Mauwa mongodzipereka. Ankapachika makanda pasikelo, ankaimbitsa amayi nyimbo za phala ndi katemera, ankalondola m'midzi ana amene asiya kubwera. Ntchito imeneyi ankaikonda kuposa munda wawo. Ndiye kunabwera uthenga woti tsopano izigwiridwa ndi alangizi a zaumoyo olembedwa ntchito, ndipo wolembedwa ayenera kukhala ndi satifiketi ya Fomu 2. Akuluakulu a pachipatalapo ankawakonda, ndiye anati malo awasungira mpaka zotsatira za chaka chimenecho zituluke. Kupyola pamenepo sakanatha. Akalephera, sikelo ikatenga mnyamata wina wa pepala, iwo n'kubwerera kukhasu.

Anasankha benchi la kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, n'kukhala chammbali kuti tisaonane maso. Vuto loyamba linabwera poitana maina. Mkamwini satchula dzina la apongozi, ngakhale litalembedwa m'kaundula wa boma. Nditafika pamzere wawo ndinangokhosomola. Iwo anayankha, akuuza zenera, "Ndilipo." Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Chaka chonsecho tinaitanirana choncho, ndipo tsiku lina nditadwala chifuwa chenicheni anayankha kanayi.

Tsono ine ndinali ndi matenda anga pa uphunzitsi. Ndinkadana ndi kuloweza. Ophunzira athu ankameza manotsi onse, kuyambira mutu mpaka kadontho kotsiriza, ndipo mukawafunsa kuti afotokoze chifukwa chake chinthu chimachitika, ankangokhuthula dengu lonse papepala kuti wochonga asankhe yekha. Chinanso chinkandipsetsa mtima ndi kutsekera kwawo. Ankamaliza yankho monga amachitira wamng'ono pamsonkhano wa pamudzi: "Ine ndilibe mawu ambiri, ndingogwirizana ndi zimene akuluakulu anena." Wina anandilembera zimenezi m'Chingerezi kumapeto kwa yankho la mmene chakudya chimagayidwira m'mimba. Ndinamufunsa kuti akuluakulu ake ati amene anakhala pansi kukambirana za matumbo. Komabe sindinkawada. Tonsefe tinakulira m'nthawi imene funso loti "chifukwa chiyani" linkatha kumusowetsa munthu, ndipo mantha amenewo sanathe tsiku limene tinaponya voti.

Ndiye pakona pa bolodi ndinkalemba mafunso atatu. Ukuti chiyani? Wadziwa bwanji? Nanga wokutsutsa ati chiyani? Ana a pulayimale ankawafufuta m'mawa uliwonse, ine n'kuwalembanso masana aliwonse. Ndinkawauza kuti kaya ndi mbiri, kaya ndi ulimi, kaya ndi mtima wa chule, yankho labwino limayenda ndi miyendo itatu yomweyi. Nena mfundo yako. Onetsa pamene waima. Kenako umupatse mpando munthu wokutsutsa, umumvere, ndipo umuyankhe. Kumbali ankanditchula ndi funso lachiwirilo, ndipo ndinkanamizira kusamva.

Lachisanu lililonse ndinkalemba bodza pabolodi, pansi pake n'kulemba kuti "atero aphunzitsi". Ntchito yawo inali kunditsutsa. Tinkayamba takangana m'Chinyanja mpaka thukuta, kenako aliyense n'kulemba tsamba limodzi m'Chingerezi. Poyamba ankachita mantha, koma atalawa kukoma kogwetsa mphunzitsi, Lachisanu palibe ankajomba.

Koma apongozi anali osiyana. Iwo sankajomba, komanso sankanditsutsa. Tsiku lina ndinalemba kuti kubzala nandolo m'munda wa chimanga n'kuwononga malo. M'mudzi monse munalibe munthu wokolola nandolo kuposa iwo, ndipo ine ndemwe ndinali nditanenepa naye nandoloyo. Koma nditatsegula kope lawo ndinapeza zilembo zokongola, zoima bwino, zikunena kuti aphunzitsi alondola, nandolo amawonongadi malo, tiyenera kuthokoza potiunikira. Sabata yotsatira ndinalemba kuti zigwembe za m'mbali mwa phiri zimabwera ndi mvula yokha, kudula mitengo kulibe mlandu. Anagwirizana nazonso. Ndikanalemba kuti dzuwa limatulukira ku Mwanza, akanandithokoza.

Nanga ine? Cholembera chofiira chinkazungulira pamwamba pa tsamba lawo osatera. Ndilembe kuti "mwalakwa"? Kwa apongozi? Dzanja linkakana. Ndinkangochonga n'kulemba pansi kuti "Pitirizani". Iwo akundilemekeza, ine ndikuwalemekeza, miyezi n'kumapita.

Pakati pa chaka tinalembetsa mayeso oyeserera, ndipo mapepala tinasinthana pochonga. Apongozi anagwa pafupifupi phunziro lililonse. Ahedi anandiitanira pansi pa mtengo wa mbawa umene unali ofesi yathu, atagwira kope la apongoziwo dzanja lina, mapepala a mayeso dzanja lina.

"Achimwene, tandithandizani," anatero ahedi. "M'kope umu mwangochonga kuyambira Januwale, osathetha pena paliponse. Papepala apa mayi yemweyo wagwa chagada. Wanama ndani, kope kapena pepala?"

Ndinati ahedi akudziwa okha mmene zinthu zilili kumudzi.

"Kumudzi ndikukudziwa," anatero. "Koma wochonga mayeso a boma si mkamwini wawo."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba akundiwawa. Mkazi wanga, amene nthawiyo anali woyembekezera, anawonjezera tsabola. "Ulemu wanuwo," anatero, "adzaupachika pasikelo chaka chamawa?"

Tinagwirizana kuti iye akhale mthenga, monga zinalili pa nkhani za khola la nkhuku. Ndinamutuma kuti akawauze kuti ndime yawo yachiwiri ilibe umboni, ndiponso kuti nandolo sawononga malo ndipo iwo akudziwa. Anapita. Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wathu, ndiye ndinamva zonse. "Amayi, akuti mwalemba bwino zedi, koma mwina muwonjezereko pang'ono." Anabwerera n'kundiuza kuti akuti zikomo kwambiri. Nditamufunsa kuti uthenga wanga wautaya pati, anandiyang'ana modabwa. "Inu mumafuna ndikawauze amayi anga kuti alakwa? Kawauzeni nokha." Apa ndinaona kuti uthenga ukadutsa mwa anthu aulemu atatu umafika ulibe mano.

Njira inadzapezeka Loweruka lina ndikukonza khola lija. Kuseri kwa mpanda apongozi onse awiri ankasola nandolo, ndipo aang'onowo anali atakwiya. Anali atakumana pamsika ndi bambo wina amene ankauza anthu kuti katemera amalumalitsa ana. Ndinasiya kukhoma n'kutchera khutu. Mayi amene m'kalasi ankangouza zenera kuti alipo, apa anali moto. Anatchula midzi imene ana ake onse anabayitsa, n'kufunsa kuti olumalawo ali kuti. Anatchula chaka chimene chikuku chinalowa m'dera lathu, ndi makomo amene analira maliro, ndi amene sanalire. Anavomera kuti mwana amatentha thupi akabayidwa, inde, koma mawa lake amasewera. Miyendo itatu yonse ija inalipo, ikuyenda bwinobwino. Ndinakhala pamwamba pa khola nyundo ili m'manja, ndikudziseka. Apongozi sankalephera kutsutsa. Ankalephera kutsutsa ine.

Lachisanu lotsatira sindinalembe kuti "atero aphunzitsi". Ndinalemba kuti: "Bambo wina wa pamsika akuti mwana wotsegula m'mimba musamupatse madzi, chifukwa madziwo ndi amene akutulukawo." Ndinauza kalasi kuti ine ndatopa kunama, tsopano ndizingowabweretsera zimene ndamva kwa bambo ameneyu. Anamulandira ndi manja awiri. Pofika kumapeto kwa mwezi anali atamuveka chipewa chong'ambika, atamupatsa dzino limodzi, ndi njinga yopanda mabuleki. Aliyense ankadziwa kuti bamboyu amalemba ndi choko changa, koma palibe anafuna kumuulula.

Lachisanu loyambalo apongozi analemba masamba awiri ndi theka. Chiganizo choyamba chinali choti bambo ameneyu ndi woopsa, asayandikire mwana wa munthu. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka, maverebu ena atayang'ana kumbuyo, koma munali munthu m'menemo. Ndinawerenga kawiri ndikumwetulira ndekha.

Bamboyu anandimasulanso dzanja. Ine sindikanatha kuthetha kope la apongozi, koma iye analibe apongozi. Ndinayamba kulemba m'mphepete ndi inki yofiira: "Bambo wa pamsika sanakhutire. Akuti mwadziwa bwanji?" Kapena: "Akuti apa mwangokalipa, simunamuyankhe." Nthawi zina ankafika pochita mwano: "Akuti chiganizo ichi chilibe mutu, akuseka." Ndipo iwo ankabweza. Kope linkabwerera ndime italembedwanso, mwaukali, cholembera chitaboola pepala.

Tinamuyendetsa m'maphunziro onse munthuyu. Pa ulimi ananena kuti manyowa ndi ntchito ya anthu osauka, feteleza yekha akwanira. Pa jogalafe ananena kuti mitsinje yathu ikuuma chifukwa chakuti yakalamba. Apongozi ankamudikira Lachisanu ngati munthu amene anawabera mbuzi.

Chimene chinawavuta kwambiri ndi funso lachitatu, lomupatsa mpando wotsutsa. Iwo ankafuna kumugwetsa basi, osamusiyira kanthu. Zinaonekera bwino pa mbiri, tsiku limene bamboyo ananena kuti anthu a thangata m'minda ya azungu ya ku Magomero ankagwira ntchito mwa kufuna kwawo. Thangata kwathu si nkhani ya m'buku. Makolo a ambiri m'kalasimo anachokera ku Mozambiki n'kudzakhala m'minda imeneyo, akulipira malo ndi thukuta lawo. Apongozi analemba tsamba lonse la mkwiyo, umboni wake umodzi wokha: agogo awo anawauza. Bambo wa pamsika anayankha m'mphepete kuti iyenso agogo ake anamuuza, ndiye tikhulupirire agogo a ndani? Anawonjezera kuti anthuwo anabwera okha, palibe anawamanga chingwe, ndipo anapatsidwa pokhala.

Kope linakhala kwa iwo masiku angapo. Mkazi wanga anati amayi aang'ono akungoyankhula okha pothirira dimba. Litabwera, ndime yachitatu inayamba ndi mawu amene ndinali ndisanawaonepo m'kope limenelo: "Bamboyu akunena zoona pa chinthu chimodzi." Anavomera kuti anthuwo anabweradi okha ndipo anavomeradi thangata. Kenako anafunsa kuti munthu wothawa nkhanza kwawo, ana ali kumsana, wopanda kwina kolowera, akati inde, inde ameneyo ndi wofuna kapena wosowa? Anatchulanso kuti anthu okhutira ndi ntchito sadzuka kukaukira mwini munda, monga zinachitikira komweko mu 1915. Nditafika pamenepo ndinatseka kope n'kutuluka panja. Ndinasangalala kwambiri, ndipo panalibe womuuza, chifukwa mwini nkhaniyo sindikanatha kumuyamikira pamaso.

M'nyengo yozizira mkazi wanga anachira, mwana wamkazi. Koma iye mwini sanadzuke msanga. Anatentha thupi, anafooka, ndipo amayi ake enieni maso anali atayamba kale kuvuta. Amene ananyamula zonse ndi amayi aang'ono. Anagona m'chikuta, anasambitsa mwana, anachapa, anaperekeza wodwala kuchipatala ndi kubwera naye. Benchi la pazenera linakhala lopanda munthu masabata ambiri. Poitana maina ndinkafika pamzere uja n'kudumpha, chifuwa chili zii.

Pamene mkazi wanga ankayamba kuyenda, mayeso anali atayandikira. Ndinawerengera zimene apongozi anaphonya. Masamu awo anali oipa kale, tsopano anali ataola. Pa bayoloje anaphonya mitu yathunthu. Ndinayamba kuona dzina lawo likusowa papepala la zotsatira, anthu akunong'onezana pachitsime za anganga, agogo a Fomu 2, amene anavala yunifolomu pachabe. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinkadziwa kuti aphonya sukulu chifukwa cha banja langa. Ndinaganiza kuti kuli bwino asalembe, abwereze chaka, ine ndikagwade kuchipatala kuti awadikirebe.

Ndinanena zimenezi Lamulungu masana titabwera kutchalitchi. Apongozi anali pakhonde pathu atafulatira, mwana ali pamiyendo. Ine ndinakhala pampando wanga pansi pa mpapaya, mkazi wanga pamphasa pakati pathu. Ndinayankhula mokweza pang'ono, monga mwa mwambo wake.

"Uwauze amayi kuti maganizo anga ndi oti chaka chino asalembe. Aphonya zambiri. Abwereze, chaka chamawa adzakhoza bwino. Za kuchipatala ndikapepesa ndine."

Mkazi wanga sanatembenuke kukapereka uthengawo. Anangoyang'ana pansi, akutosa mphasa ndi chala. Kenako apongozi ananyamula mwana m'manja awiri, kumukweza ndi kumutsitsa pang'ono monga ankachitira pofuna kumva kulemera kwa khanda asanalipachike pasikelo. Atatero anayamba kuyankhula naye.

"Iwe mwanawe, tamvera kuno. Ukawauze abambo ako kuti apapa alakwa."

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Mawu amenewo anali asanamvekepo pabwalo limenelo.

"Uwauze kuti ine ndilemba chaka chino chomwe chino. Akafunsa kuti ndadziwa bwanji kuti n'koyenera, poti abambo akowa sachedwa kufunsa, uwauze izi. Choyamba, sikelo sidikira munthu. Anandiuza pamaso kuti chaka ndi chino, ndipo amene ananenawo nawonso ali ndi owalamula. Kupepesa kwa abambo ako kukathera pakhomo. Ndikalemba, mwina ndigwa, mwina ndikhoza. Ndikapanda kulemba, ndagwa kale lero lino pakhonde pano. Chachiwiri, akatenge kope langa aone okha. Kale lonse linali lofiira ngati munthu wapha nkhuku pamwamba pake. Tsamba lotsiriza lija bambo wa pamsika anangofunsa funso limodzi basi. Ngati ananama, anene."

Mwana anayetsemula. Anamupukuta ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza.

"Tsono iwowo akuti ndaphonya zambiri. Pamenepo akunena zoona, sindikana. Masamu nde ayi, amenewo anandikana ndili mtsikana, sadzandikondanso ndi imvi. Koma ahedi ananena okha kuti satifiketi safuna kuti ukhoze zonse. Masamuwo apite. Otsalawo masabata alipo, ndipo munda chaka chino udzilime wokha. Mwina akuopanso kuti anthu adzaseka. Uwauze kuti anthu anaseka kale tsiku limene ndinavala yunifolomu, ndipo sindinafe. Manyaziwo ndi anga, asandisenzere. Ndipo uwauze kuti masiku amene ndinakhala ndi amako m'nyumbamu asawayese ngongole. Ndinakhala chifukwa ndi mwana wanga. Ndatha."

Ndaphunzitsa zaka zambiri kuchokera tsiku limenelo, ndipo ndachonga mapepala osawerengeka, koma yankho lokwanira ngati limenelo sindinalimvenso. Mfundo, umboni, mpando wa wotsutsa, zonse zili m'malo mwake, ndipo wogwetsedwayo ndine. Ndinafuna kuwomba m'manja. Ndinafuna kulira. Pokhala mkamwini sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinayang'ana mwana wanga, amene anali akuyamwa chibakera chake, ndipo ndinati:

"Uwauze anganga ako kuti ndagonja. Uwauzenso kuti mawa tiyamba ndi kayendedwe ka magazi, abwere ndi kope."

Mkazi wanga anaseka mpaka misozi, akugwira pamimba pamene panali pasanapole. Anati tsopano apume, nyumba yapeza mthenga wosachotsera mawu.

Masabata otsalawo tinaphunzira pakhonde lomwelo tikaweruka. Iwo kumapeto uku atafulatira, ine kumapeto uko, mwana atagona pamphasa pakati. Zonse zinkadutsa mwa iye. "Uwafunse anganga ako kuti magazi akachoka m'mapapo amalowera kuti." "Uwauze abambo ako afunse bwino, akuthamanga." Akagona tulo tinkangopitiriza, ndipo amayi ake akamutenga kukamuyamwitsa, sukulu inkaima mpaka abwere. Mwana ameneyu anamva za mapiri, za nthaka, za nkhondo za makolo ndi za maverebu asanamere dzino. Lero akati sukulu inkamuvuta ndimamuuza kuti alibe chifukwa.

Analemba mayeso kukutentha, pamodzi ndi ana amene ena mwa iwo anawapachikapo pasikelo ali makanda. Tsiku la masamu anatuluka msanga. Tsiku la mbiri anapempha pepala lowonjezera, ndipo woyang'anira mayeso, mlendo wochokera kutali, anadabwa kuona kalasi yonse ikumwetulira.

Kenako kudikira. Mvula inagwa, tinabzala, tinapalira, chimanga chinakula mpaka kubisa munthu. Apongozi anabwerera kusikelo kwawo osadziwa ngati akutsanzika kapena akukhazikika. Za mayeso sankatchula, ine sindinkatchula, koma mkazi wanga anati usiku amawamva akutembenuka.

Zotsatira zinafika tsiku la sikelo. Ahedi anamata pepala pachitseko cha kalasi, ndipo ine ndinayendetsa chala mpaka pamzere umene chaka chonse ndinkaukhosomolera. Masamu anagwa, monga analonjezera. Zina zonse anakhoza, Chingerezi mopulumukira pang'ono, mbiri ndi bayoloje bwino kwambiri. Sindinatsanzike ahedi. Ndinatenga njira ya ku Mauwa wapansi, pafupifupi kuthamanga, tayi ili paphewa.

Ndinakumana nawo pakanjira kodutsa m'minda, akubwerera. Mpango wobiriwira ndinauonera patali. Mwana wanga anali kumsana kwawo, poti tsikulo anamutenga okha kukamuyeza. Atandiona anapatuka monga mwa nthawi zonse, n'kulowa m'chimanga, n'kugwada atafulatira. Ndinkangoona mutu wa mwana pakati pa masamba, akundisuzumira. Ndinanjuta panjirapo ndikupuma wefuwefu.

"Uwauze anganga ako," ndinatero, "kuti akhoza. Sikelo ndi yawo."

Masamba a chimanga okha ndi amene ankagwedezeka pamene anagwadapo, ndipo kunalibe mphepo. Ndinadikira. Patapita nthawi anamina, anakonza pakhosi, ndipo mawu anatuluka aang'ono.

"Uwafunse abambo ako. Adziwa bwanji?"

Ndinaseka misozi ikutsika. Ndinati ndaona ndi maso anga pachitseko cha kalasi, ndawerenga katatu, ndipo wotsutsa palibe.

"Chabwino," anatero. Anasisita kaphazi ka mwana. "Nde uwatume akapereke moni kwa bambo wa pamsika uja. Ndamunyoza miyezi yonseyi, ndipo zambiri zimene amanena n'zopusa ndithu. Koma uwauze kuti munthu ameneyo akanabwera pakhomo pathu kudzafunsira mbeta, ine ndikanamupatsa mwana wanga."

Anadzuka, anakonza mbereko, n'kutulukira kutsogolo kwanga panjira osacheuka. Ine ndinakhalabe chinjutire, ndikuyang'ana nsapato zanga, mpaka mpango wobiriwira unakhota.